Zimene ndaphunzira pokweza maeriyo m'tsinde mwa Tumbine

Ntchito yanga ndi kukonza mawailesi ndi mafoni, kukweza maeriyo a kanema, ndiponso kuika masola pamadenga a anthu kuno ku Milange. Aliyense wogwira ntchito yotereyi amadziwa kuti mumlengalenga mwathu muno muli mawu a mayiko awiri. Ukapotoza wailesi pang'ono ukumva Rádio Moçambique, ukapotozanso ukumva MBC kapena Zodiak, chapakati apo wailesi yathu ya Thumbine ikulengeza za maliro ndi misonkhano. Mnyamata wopalasa njinga ndi matumba a chimanga kupita ku Limbuli amakhala ndi foni ya masimu awiri, imodzi ya Movitel kapena Vodacom, ina ya Airtel kapena TNM. Akawoloka pa Muloza amangoyang'ana timizere ta netiweki n'kusankha yomwe ikugwira.

Zimene mnyamatayu amachita ndi chala, akatswiri akhala akuphunzitsa makina kuti azichita okha. Mu 1999 Joseph Mitola, yemwe ankachita maphunziro ake apamwamba ku Stockholm, anabweretsa dzina loti cognitive radio. Lero dzinali limanena makamaka za wailesi yotha kumvetsera mumlengalenga, kupeza tchanelo chomwe mwini wake sakuchigwiritsa ntchito panthawiyo, kuchibwereka, n'kuchokapo msanga mwiniyo akabwera. Mwini ndi amene ali ndi chiphaso cha bungwe la INCM kuno ku Mozambique kapena cha bungwe la MACRA kutsidyaku ku Malawi. Wobwereka ali ngati munthu wodzala mbatata m'tsala la mnzake, pangano lake loti mwini akangotulukira ndi khasu, iye anyamule zake osawiringula.

Wailesi yotereyi sinafikebe patebulo langa. Ndimangoiwerenga usiku pa intaneti mamega akakhalapo. Koma mavuto amene akatswiriwo akulimbana nawo ndi omwewo amene ndimakumana nawo ndili padenga, waya m'manja, mwini nyumba akukuwa pansi kuti "bwererani pang'ono, zinayamba kuoneka!" Nazi zimene ndatolapo.

Choyamba: eriyo yako ikakhala zii, usafulumire kunena kuti mumlengalenga mulibe munthu. Ichi ndicho chachikulu, ndipo zina zonse zikuchokera pomwepa. Vila yathu ili m'tsinde mwa phiri la Tumbine, ndipo kungokweza maso ukuona Mulanje, yemwe nsonga yake ya Sapitwa imafika mamita 3,002. Mafunde a wailesi saboola thanthwe. Amalambalala pang'ono m'mphepete, amagunda khoma la phiri n'kubwerera, koma kuseri kwenikweni amasiya mthunzi. Ndakwezapo eriyo panyumba ina osapeza ngakhale chithunzi, pamene nyumba yachitatu kuchokera pomwepo, yomwe ili pakamtunda, kanema akuoneka mbee. Nsanja yotumiza ndi yomweyo, mphamvu yake ndi yomweyo, tsiku ndi lomwelo. Kusiyana kwake n'kwakuti wina ali mumthunzi.

Tsono taganizirani kuti panyumba yamumthunzi ija paikidwa wailesi yobwereka. Imvetsera, siimva kanthu, iganiza kuti tchanelo chili chokha, iyamba kutumiza. Mafunde ake akwera kamtunda kaja n'kukasokoneza kanema wa anthu amene amamva bwinobwino nsanja ya mwini. Wailesiyo sinaname, inanena zoona kuti siikumva. Chimene sinathe kudziwa n'chakuti pali ena amene akumva. Ndiye chifukwa chake bungwe la FCC ku America, pololeza mu 2008 kuti zipangizo zopanda chiphaso zizibwereka matchanelo a kanema osagwiritsidwa ntchito, linalamula kuti zizitha kumva chizindikiro chofooka mpaka -114 dBm. Chizindikiro chotere n'chofooka kuposa chimene kanema aliyense angaonetse nacho chithunzi. Kupanga khutu lotere n'kodula, ndipo ngakhale utalipanga, phiri likakhala pakati silikuthandiza mokwanira.

Palinso mthunzi waung'ono umene sufuna phiri. Mafunde akafika panyumba kudzera njira ziwiri, ena molunjika ena atagunda malata a mnansi, nthawi zina amaonjezerana, nthawi zina amafafanizana. N'chifukwa chake kusuntha eriyo mkono umodzi wokha kumatha kusintha zonse. Pa 500 MHz funde limodzi ndi lotalika masentimita 60, choncho mkono umodzi ndi ulendo wautali ndithu.

Chachiwiri: makutu ambiri amaposa khutu limodzi lakuthwa, koma pokhapokha atakhala motalikirana. Njira imene akatswiri anapeza ndi yakuti mawailesi obwereka azimvetsera onse, aliyense pamene ali, kenako aziuzana zimene amva kapena azitumiza kwa mmodzi wosonkhanitsa. Masamu ake ndi osavuta. Tinene kuti wailesi imodzi imaphonya mwini kamodzi pa maulendo 10. Awiri kuti aphonye onse nthawi imodzi ndi kamodzi pa 100, atatu kamodzi pa 1,000. Zipangizo zotchipa zitatu zagwira ntchito imene chimodzi chodula chikanalephera.

Koma masamuwa amayenda ngati kuphonya kwa wina sikukhudzana ndi kuphonya kwa mnzake. Mukaika mawailesi atatuwo m'bairro limodzi kuseri kwa Tumbine, onse ali mumthunzi umodzi, aphonya limodzi ndipo agwirizana chimodzi ndi mtima wonse. Mwangochulukitsa mboni za bodza lomwelo. Ine ndikafuna kudziwa ngati vuto lili kunsanja kapena ndi la dera lokha, sindiimbira anthu oyandikana ndi wodandaulayo. Ndimaimbira mnzanga wa kumsewu wopita ku Mocuba, wina wa chakumalire, ndipo ngati simu yakutsidya ili ndi mayunitsi, wina wa ku Mulanje boma. Anthu atatu omwazikana amandiuza zambiri kuposa khumi a pamsika umodzi. M'mabuku a akatswiri mfundoyi ilimo, koma m'zithunzi zawo zambiri amajambula dziko lathyathyathya, timadontho titamwazikana bwino. Kwathu kuno anthu amamanga motsata msewu ndi madzi, ndipo nthawi zambiri mudzi wonse umakhala mbali imodzi ya phiri.

Chachitatu chikukhudza wosonkhanitsa uja: kodi akamva zosiyana, atsate ziti? Pali njira zitatu zodziwika. Yoyamba imati mmodzi yekha akati "ndamva mwini", onse achokepo. Ina imati achokepo pokhapokha onse atavomereza kuti amva. Yachitatu imawerenga: akakwana angapo mwa onse, kapena ochuluka, ndiye kuti mwini alipo. Njira yoyamba imateteza mwini bwino kwambiri, koma ili ndi mtengo wake. Chipangizo chilichonse nthawi zina chimamva phokoso wamba, la jenereta, la njinga yamoto, la mphezi yakutali, n'kuganiza kuti ndi mwini. Ngati chilichonse chimadzidzimuka chabe kamodzi pa maulendo 10, zisanu pamodzi zidzathawa popanda chifukwa pafupifupi kanayi pa maulendo 10. Tchanelo chili chokhachokha, koma anthu akuthawa chithunzithunzi. Njira yachiwiri ndi yosiyana: obwereka amasangalala, mwini ndiye amalira, chifukwa mmodzi wa mumthunzi akwanira kunena kuti "ine sindinamve."

Pamene pali mapiri ine ndimakondera yoyamba kapena yoyandikira kwa iyo, ngakhale ndi yamantha. Wobwereka akataya mphindi zochepa, palibe amene wavulala. Mwini akasokonezedwa kawiri katatu, apita kwa oyang'anira, ndipo chitseko chitsekedwa kwa obwereka onse.

Kulinso kusiyana pakati pa kunena kuti "inde" kapena "ayi" basi, ndi kunena mmene wamvera: pang'ono, kwambiri, mokayikira. Uthenga wachiwiriwu umathandiza wosonkhanitsa kuweruza bwino, koma ndi wautali, ndipo nawonso uyenera kudutsa mumlengalenga momwemo. Makasitomala anga ambiri ndi a mtundu woyamba. Ukafunsa pafoni, yankho ndi lakuti "sizikugwira." Amayi wina wachikulire, amene ndinawaikira eriyo kalekale, amanena mwatsatanetsatane: "Mwananga, m'mawa zimaoneka, dzuwa likapendeka zimayamba kudukaduka, mvula ikagwa zimatheratu." Kwa amayi amenewa ndimapita nditanyamula kale choyenera.

Ndipo pagulu sipalephera wabodza. Chipangizo chimodzi chikhoza kumanena nthawi zonse kuti mwini alipo, n'cholinga choti anzake athawe icho chitsale chokha. China chikhoza kungowonongeka n'kumabwereza yankho limodzi. Akatswiri amati wosonkhanitsa azisunga mbiri ya aliyense, amene zonena zake zimasemphana ndi za anzake kawirikawiri azichepetsedwa mphamvu. Nzeru yabwino, koma ili ndi msampha umene ukuoneka bwino kuno: amene akusemphana ndi gulu akhoza kukhala yekhayo amene ali pamtunda, yekhayo amene akumva zoona.

Chachinayi n'chachifupi. Kumvetsera sikwaulere. Wailesi imene ikumvetsera iyenera kusiya kulankhula, ndipo anzake onse apafupi ayenera kukhala chete nayo limodzi, apo ayi imva iwowo. Muyezo wa IEEE 802.22, umene unatuluka mu 2011 pofuna kufikitsa intaneti kumidzi kudzera m'matchanelo a kanema, umafuna kuti mwini azindikirike pasanathe masekondi 2 ndipo wobwereka achokepo m'masekondi 2 enanso. Ukamvetsera nthawi yaitali umatsimikiza bwino koma watumiza zochepa. Ukamvetsera mwachidule watumiza zambiri koma mwachimbulimbuli. Batire nalo likutha.

Tsopano za kupatsirana, zimene ndimazikonda kuposa zonse chifukwa ndimaziona ndi maso. Phiri likaima pakati pa awiri, uthenga umafuna wachitatu amene akuona onse. Khotekhote ngwa njira, palinga mtima m'pomwepo. Ndaikirapo anthu tizipangizo ta Wi-Fi topatsirana kuchokera kusitolo kupita kunyumba yoseri, ndipo zimene ndinaona pamenepo ndi zomwe zili m'mabuku. Wopatsira alipo wa mitundu iwiri. Wina amangokuza chilichonse chimene walandira n'kuchiponya patsogolo. Ndi wotchipa ndi wachangu, koma amakuza ndi phokoso lomwe, moti ukalumikiza awiri atatu otsatizana kumapeto kumafika zinyalala zamphamvu. Wina amayamba wamasulira uthengawo, kuuyeretsa, kenako kuutumiza watsopano. Ndi waukhondo koma amachedwa pang'ono, amadya magetsi ambiri, ndipo akamasulira molakwa amatumiza cholakwacho molimba mtima.

Chimene ogulitsa sakonda kutchula n'chakuti wopatsira wa wailesi imodzi sangamve ndi kulankhula nthawi yomweyo pa tchanelo chimodzi. Amalandira, kenako amatumiza. Liwiro limagawika pakati. Kasitomala amaona timizere tadzaza pafoni n'kudabwa kuti kanema wa pa YouTube akungozungulira. Timizere timangonena za mtunda wa pakati pa iye ndi wopatsira, osati za ulendo wonse.

M'mawailesi obwereka kupatsirana kuli ndi ntchito ziwiri zina. Yoyamba: amene wamva mwini ali pamtunda, wosonkhanitsa ali kutali, ndiye chenjezo lakelo liyenera kudutsa mwa anzake, likatayika panjira, kumva kwake kwapita pachabe. Yachiwiri ndi yochenjera. Wobwereka angathe kunyamulira mwini uthenga wake kupita kwa omvera a mumthunzi, mwiniyo n'kumaliza msanga, nthawi yotsalayo n'kumupatsa wobwereka ngati malipiro. Apa mwini sakungopirira mlendo, akupindula naye. Mwa maganizo onse amene ndawerenga, ili ndi limene ndikuona kuti lingakhalitse, chifukwa likuyankha funso limene ndimafunsidwa nthawi zonse ndikapempha kuika kachipangizo padenga la munthu wapakati: "Nanga ine ndipezapo chiyani?" Bambo wina anavomera mwaulemu wonse, koma patapita nthawi anayamba kuzula waya madzulo kuti batire litsalire nyale ndi foni za ana. Sindinawaimbe mlandu. Sola ndi yawo.

Zimenezi zikundifikitsa pa magetsi. Pa 11 March 2023 namondwe Freddy analowanso kumtunda pafupi ndi Quelimane, ndipo masiku otsatira mvula inakhuthuka pa Mulanje, Phalombe ndi madera athu ano a m'malire. Misewu inaduka, milatho inakokoloka, mitengo ya magetsi inagwa. Masiku amenewo ndinaona kuti nsanja ikhoza kuima chilili, yosagwa, koma osathandiza aliyense chifukwa mafuta a jenereta atha ndipo galimoto yobweretsa ena ilibe podutsa, kapena chifukwa nsanja ina yakutali imene imaipatsira uthenga ndiyo yazima. Anthu ankakwera pazitunda kusaka timizere, simu iyi ikakana kuyesa inayo, ndipo wopeza netiweki ankaimbira abale a anzake onse. Wailesi ya FM ya mabatire, imene achinyamata amaiseka, ndiyo inkamveka m'makomo. Phunziro langa: ukamajambula njira yopatsirana, usawerenge kaye ma MHz. Werenga mabatire, ndipo funsa kuti pamalo aliwonse padutsa masiku angati opanda dzuwa chisanazime. Komanso njira ikhale ndi nthambi. Mzere umodzi wa opatsira asanu umafa ndi mmodzi.

Pali china chimene chinandidabwitsa nditachiwerenga. Pambuyo pa kafukufuku yense wa makutu, mayiko amene analoleza kubwereka matchanelo a kanema anasankha kaundula. Mu 2010 FCC inachotsa lamulo lokakamiza kumvetsera kwa zipangizo zimene zimadziwa pamene zili ndipo zimafunsa kaundula wa pa intaneti kuti "pano ndingagwiritse ntchito tchanelo chiti, ndi mphamvu yanji?" Britain inatsata njira ya kaundula, ndipo ICASA ya ku South Africa inatulutsa malamulo otere mu 2018, patapita zaka kuchokera pamene anayesera m'masukulu 10 a ku Cape Town mu 2013. Chifukwa chake n'chomveka: nsanja za kanema sizisamuka, mphamvu zake n'zodziwika, mapu a mapiri alipo, choncho kompyuta ikhoza kuwerengera mthunzi popanda kudalira khutu la aliyense.

Chaka chomwecho cha 2013 zinayesedwanso pafupi nafe. Ku Zomba, Dr Chomora Mikeka ndi anzake a ku Chancellor College, mogwirizana ndi MACRA komanso ICTP ya ku Trieste, anatumiza intaneti kudzera m'matchanelo a kanema opanda mwini kupita kumalo monga sukulu ya atsikana ya St Mary's ndi chipatala cha Pirimiti. Asanayambe anayenda ndi zida zoyezera kuti aone matchanelo amene ali okha, ndipo anapeza ambiri. Kuno kwathu INCM inayesanso zotere ku Boane, kufupi ndi Maputo. Chokopa chake n'chakuti mafunde a pakati pa 470 ndi 694 MHz amapyola mitengo ndi kulambalala zitunda bwino kuposa a Wi-Fi a 2.4 GHz, amene funde lake ndi masentimita 12 ndi theka okha. Kusamukira ku kanema wa dijito, kumene mayiko anagwirizana ku Geneva mu 2006 n'kuika malire a 17 June 2015, kunamasulanso malo, popeza tchanelo chimodzi cha 8 MHz tsopano chimanyamula mapulogalamu ambiri. N'chifukwa chake kutsidya anthu ali ndi madekoda a Kiliye Kiliye ndipo kuno a TMT.

Koma kaundula ndi wa dziko limodzi. Wa INCM angadziwe nsanja za Mozambique, wa MACRA za Malawi, pamene kuchokera pa vila yathu kufika pa Muloza ndi ulendo wa kabaza. Chipangizo cha ku Milange chikafunsa kaundula wa ku Maputo n'kuuzidwa kuti tchanelo chili chokha, chikhoza kusokoneza banja la ku Limbuli limene likuonera nsanja yakwawo. Mabungwe awiriwa amakumana mu CRASA, ndipo ITU ili ndi ndondomeko zogawirana matchanelo m'malire, koma ndondomekozo zinapangidwira nsanja zazikulu zowerengeka, osati tizipangizo tambirimbiri ta pamadenga. Ndiye ine ndimati pamalo ngati pano mpamene makutu akufunikabe. Kaundula anene zimene akudziwa, makutu omwazikana tsidya lino ndi tsidya ilo atsimikize, ndipo akasemphana apambane ndi amene wanena kuti mwini alipo. Kuti zitheke, chipangizo cha ku Mulanje chiyenera kuloledwa kuchenjeza cha ku Milange, zimene zikufuna siginecha za akuluakulu kuposa luso la mainjiniya.

Foni zathu zimaonetsa kale vutoli mwanjira yake. Munthu ali pakhonde pake m'dziko lake, foni yadumphira nsanja yakutsidya chifukwa ndiyo ikumveka kwambiri, ndalama n'kumadulidwa ngati ali paulendo. Ndimauza makasitomala onse a m'mbali mwa mtsinje wa m'malire kuti azimitse kusankha kwa foni yokha, asankhe netiweki ndi dzanja. Makina osankha "champhamvu kwambiri" osadziwa kuti n'cha yani amalowetsa mwini wake m'ngongole.

Chomaliza chimene ndaphunzira chimandichititsa kuseka pang'ono ndikamawerenga mapepala a akatswiri. Onse amayamba ndi kudandaula kuti mumlengalenga mwadzaza, malo atha. Ku London kapena ku Johannesburg mwina n'zoona. Ine ndikalumikiza kachipangizo kanga koyezera pa laputopu n'kuyendayenda m'matchanelo a kanema, ambiri ndimapeza ali pululu, ngakhale nditakwera pamtunda pamene mthunzi sungandinamize. Chimene chikusowa ku Milange ndi chingwe kapena mlongoti wobweretsa intaneti yokwanira mpaka pa vila pamtengo woti sukulu ingakwanitse, magetsi osazimazima, zipangizo zotchipa, ndi munthu wapafupi wodziwa kuzikonza. Zipangizo za matchanelo a kanema zimapangidwa zochepa, choncho n'zodula, pamene tiziwiya ta Wi-Fi ta 5 GHz tili mbwee ndipo mnyamata aliyense wa ntchito yathu amadziwa kutiloza. Mphunzitsi wamkulu akandifunsa lero njira yofikitsira intaneti kusukulu yake, ndiyamba ndakwera naye padenga kuti tione ngati mlongoti wa ku vila ukuoneka ndi maso. Ukaoneka, tiika 5 GHz n'kumaliza sabata yomweyo. Ukabisika ndi mitengo kapena kachitunda, mpamene nkhani ya matchanelo a kanema imayamba kukhala ndi phindu, ndipo kalata yoyamba imapita ku INCM tisanagule ngakhale bawuti imodzi. Ukabisika ndi Tumbine mwiniwake, tiyamba kufunsa kuti padenga loona mbali zonse ziwiri ndi pa ndani, ndipo batire lake alipira ndani.